Kasipoko m'kati mwa injini

Sendererani kuno, ana inu, ndipo amene ali ndi foni aiponye m'thumba. Ndimakumvani mukundiseka ndikakana kukwera kabaza wa anyamata othamanga aja. Mumati agogo ndi amantha, agogo njinga yamoto saidziwa. Ine? Ine amene ndinamasula injini yonse pakhonde pomwe pano mpaka kutsala chigoba chokha, n'kuimanganso ili ndi mphamvu zoposa zimene anaipatsa eni ake kufakitale? Mantha ndili nawo, sindikana. Koma si mantha a munthu wosadziwa. Inu mukakwera mumaona msewu ndi anzanu okuimikirani manja m'mbali. Ine ndikakwera ndimaona za m'kati mwa chitsulo, pisitoni ikukwera ndi kutsika pansi pa mpando wanga, ndipo ndimadziwa kuchepa kwa kanthu kamene kakuigwira.

Chitsulo ndinachidziwa ndisanadziwe nsapato. Bambo anga, amene inu simunawaone, anali osula makasu ndi nkhwangwa, ndipo ntchito yanga inali yopopa mvukuto wa chikopa cha mbuzi mpaka makala atayera. Ndikayamba kuwodzera ankandidzutsa ndi mpini. Sukulu ndinalowako pang'ono. Dzina langa ndimalemba, ndipo ndimalilemba lalikulu kuti aliyense alione, koma zoposa pamenepo musandivutitse nazo. Amene anaphunzira ndi manja angawa.

Masiku amenewo ulendo unali wa miyendo. Kukagula nsomba ku Matope tinkanyamuka ndi chigumu ndi mbatata yootcha m'kathumba, pobwera dengu pamutu, ntchentche zikutiperekeza mpaka pakhomo. Inu lero kukagula mchere pagolosale apa mukufuna wina akunyamuleni. Ndipo munthu akadwala kuno kumapiri tinkamangirira bulangeti ku nsungwi, mwamuna wina kutsogolo wina kumbuyo, machila athu n'kukhala amenewo. Ndawanyamula machila ine, osati kamodzi. Pali chinthu chimene phewa limadziwa mutu usanadziwe: wodwala akatisiya panjira amalemera mwadzidzidzi. Mumangoima, n'kutembenuka, kubwerera naye kumudzi.

Nditakwatira agogo anu, a Nangozo, ndinakhala zaka zambiri pansi pa mtengo wa mango pamsika ndikukonza njinga zakapalasa. Gudumu lopindika ngati mbale ndinkaliwongola ndi khutu, kugogoda sipoko iliyonse ndi chala n'kumva kulira kwake. Funsani aliyense wa msinkhu wanga kuchokera kuno mpaka ku Midzemba, akuuzani amene ankamuwongolera gudumu.

Njinga yamoto inandipeza imvi zitayamba kale. Chaka chimene manachesi anabereka mpaka nthambi kuthyoka ndinagula yakutha kwa munthu wina wa boma amene ankasamutsidwa. Inali njinga yabwino pamalo osalala, koma kuno malo osalala ali kuti? Mukudziwa njira yotsikira ku Lisungwi. Yambiri ndi yotsetsereka, koma mukawoloka kamtsinje kaja mumakumana ndi chitunda cha miyala choima ngati khoma. Pamenepo njinga yanga inkatsokomola, n'kulira ngati mbuzi yomangidwa, n'kuzima. Agogo anu ankatsika ndi mtolo wawo n'kukwera chitundacho wapansi, ine ndikukankha pambali. Iwo ankati njinga yanga ndi yaulemu, siifuna kupita yokha, imafuna kuperekezedwa. Mchimwene wawo, alamu anga a Dayisoni, ndiye ankanyanya. Ankati njinga ndi mwini wake anabadwa chaka chimodzi, onse mawu ambiri koma miyendo yofooka. Ankanenera pamaliro, pamsika, ngakhale potuluka m'tchalitchi.

Ine sindine munthu wosekedwa kawiri pa chinthu chimodzi. Ndinapita ku Zalewa kwa anthu ogulitsa zitsulo za njinga zowonongeka pangozi, ndipo ndinabwerako ndi buloko yokulirapo pamodzi ndi pisitoni yake ndi maring'i atsopano, mphete zovala pisitoniyo. Buloko ndi chitsulo chokhala ngati mtondo chimene pisitoni imathamangamo. Mtondo ukakula ndi munsi womwe, mphamvu imakulanso. Sindinalekere pomwepo. Hedi, chivindikiro cha pamwamba chija, ndinaipala pa galasi la windo losweka nditayalapo sandipepa, kuzunguliza pang'onopang'ono mpaka mapewa kuwawa, kuti ikhale yothina ndipo moto uziphulika mwaukali. Kabowo ka petulo m'kabuleta ndinakakulitsa ndi singano ya agogo anu. Anyamata a masiku ano zimenezi amaonera pafoni. Ine ndinkaonera m'mutu mwanga.

Tsono mverani momwe munthu wosawerenga amagwirira ntchito, chifukwa nkhani yonse yagona pamenepa. Ine ndilibe buku. Buku langa linali mphasa. Ndinayala mphasa yaikulu ya agogo anu pakhonde, ndipo chitsulo chilichonse chimene ndachotsa ndinkachiika motsatana, kuyambira kumutu kwa mphasa kumatsika nazo, cha kumanzere kwa injini kumanzere, cha kumanja kumanja. Pomanga, umangoyambira kumiyendo kwa mphasa n'kumabwerera. Ndinalengeza pabwalo pano, ndi mawu anga omwewa, kuti nkhuku, mwana kapena munthu wamkulu, aliyense wokhudza mphasayo adzandidziwa.

Chimene sindinachiganizire n'chakuti Lachinayi amayi a kutchalitchi ankabwera kudzachezera pakhomo pathu. Ine ndinali nditapita kwa a Dayisoni kukabwereka sipanala. Pobwera ndinamva nyimbo ndili patali. Kufika pabwalo, amayi ali ndandanda, miyendo atatambasula, ndipo akhalira mphasa yanga. Bwalo losesedwa bwino, mizere ya tsache ikuoneka mpaka kudzala. Zitsulo zanga zonse zili m'lichero pakona, zazikulu pansi, zazing'ono pamwamba, mabawuti m'kapu. Anali atazipukutanso ndi sanza.

Pamaso pa alendo munthu sukalipa. Ndinagwada, ndinapereka moni kwa mayi aliyense payekha, ndinakhala nawo mpaka pemphero lotsekera, mtima ukuwira ngati phala. Atangozimirira kuseri kwa nthochi ndinatsegula pakamwa, ndipo a kutsidya kwa dambo anati anamva mawu onse. Agogo anu anandisiya ndimalize, kenako anati: “Bambo a Joyisi, mphasa ndi ya anthu. Mumafuna amayi akhale padothi kuti mawa mudzi wonse uzinena za ine? Zitsulo zanu zilipo zonse, palibe chimene ndadya.”

Zinalipo, kupatula kamodzi. Pisitoni imalumikizidwa ku mkono wake ndi pini, ndipo kuti piniyo isatuluke, uku ndi uku kumakhala kawaya kozungulira, kochepa ngati mphete ya mwana. Amakaniko amati kaloko. Timakhala tiwiri. M'lichero munali kamodzi. Kachiwiri kanagwa pamene mphasa inkakutumulidwa, tsache n'kukatenga. Tinasefa dzala lonse. Ndinaphwasula wailesi yakufa n'kuchotsamo maginito, kuyenda nayo chokwawa bwalo lonse. Ndinatola misomali, chipini cha m'mutu, ndi mbedza imene sindikudziwa inafika bwanji kuphiri kuno. Kaloko ayi.

Musakaone kuchepa. Kakachoka injini ikuyenda, pini imasuntha n'kuyamba kukanda khoma la buloko. Ikakanda mokwanira, pisitoni imagwira, injini imauma nthawi yomweyo, ndipo tayala lakumbuyo limaima njinga ikuthamanga. Buloko imene ndinagula ija inachokera ku njinga ya ngozi, ndipo sindinafunse kuti mwini wake ali kuti.

Ndinatuma mphunzitsi wina amene ankapita ku Blantyre kumapeto kwa mwezi kuti adzandigulire kena. Koma injini yotsegula siingakhale pakhonde mpaka mwezi kutha, fumbi la nthawi imeneyo mukulidziwa, ndiponso a Dayisoni ankadutsa m'mawa uliwonse kufunsa ngati maliro a njinga alengezedwa. Ndiye ndinatenga sipoko ya njinga yakapalasa. Ndinaipala ndi tupa mpaka kuonda kwake kufanana ndi kaloko kotsala kaja, ndinaikulunga pa bawuti, ndinaiwotcha pamakala mpaka kufiira n'kuiviika mu oilo monga ankachitira bambo anga ndi nkhwangwa. Kanalowa m'malo mwake n'kulira “tcha”, monga kamachitira kenikeni. A Dayisoni anati tsopano njinga yamoto yadya sipoko, tiona ikuyamba kufuna kupalasidwa. Agogo anu anali pambali akusola nandolo. Sanaseke nawo. Anayang'anitsitsa kasipokoko mpaka ndinakaphimba ndi buloko.

Zina zonse ndinamanga ndi zimene manja ankakumbukira, popeza buku langa anali atalikhalira amayi. Ndinaponda kiki, ndipo inalira. Ana inu, mawu ake anali ena, okhuthala, ochokera pamimba, moti nkhuku zinathawira kuseri kwa nkhokwe. Koma ine ndinkadziwa lamulo lake. Injini yatsopano ili ngati ng'ombe yophunzira ngolo, suisenzetsa katundu tsiku loyamba. Umayenda nayo pang'onopang'ono, wekha, kuzungulira mudzi, mpaka maring'i atazolowera nyumba yawo. Ndinati ndizitero mpaka mphunzitsi atabwera, kenako nditsegule, ndichotse kasipoko, ndiike kenikeni, ndiyeno ndipite pachitunda chija a Dayisoni akuonerera.

Mphunzitsi anali asanapite n'komwe pamene tsiku lija linafika. Inali nthawi yokolola nandolo, dzuwa litayamba kuluma, masamba ouma ali mbwee m'munda. Agogo anu anapita m'mawa kumunda wa kuseri kwa phiri. Dzuwa lisanafike pamutu ndinamva mayi wina woyandikana nafe munda akuitana dzina langa akuthamanga, ndipo kaitanidwe kake kanandiuza zonse asanafike. Mphiri. Inali itagona pansi pa masamba, ndipo njoka imeneyo siithawa munthu, imangodikira. Inawaluma pamwamba pa kakolo.

Tinawapeza atakhala pansi atagwira mwendo, phazi litayamba kale kutupa ndi kuda. Anthu anasonkhana, aliyense ndi nzeru zake. Wina anatulutsa lezala kuti ateme, wina ankafuna kumanga mwendo ndi mphira mpaka magazi kuima, wina ankati tiitane munthu wa zitsamba wa kuseri uko. Ine ndinali nditamva a zaumoyo pamsonkhano akuletsa zotema ndi zomanga zothinazo, ndipo ndinakuwa mpaka wa lezala anaibweza m'thumba. Mankhwala a njoka tinkadziwa tonse kuti ndi ku chipatala cha ku Lisungwi. Wina anakwera pachulu kufunafuna netiweki, osaipeza. Anyamata a kabaza onse anali atatsikira kumsika, linali tsiku lake. Njinga yamoto m'mudzi monse inali imodzi.

Titafika nawo agogo anu pakhomo, ndinaiyang'ana itaima pakhonde, ndipo kwa nthawi yoyamba ndinaiopa. Wina anatchula za machila. Ndinayang'ana mwendo, kutupa kutafika kale pakatumba, n'kudziwa kuti pa machila tikafika dzuwa litalowa, ngati tikafike. A Dayisoni anandikokera pambali. Tsiku limenelo nthabwala analibe. Anandifunsa motsitsa mawu ngati kasipoko kaja kapirire anthu atatu. Ndinati kapirira, ndinakapanga ndine.

Agogo anu tinawakhazika pakati, n'kuwamangirira kumsana kwanga ndi chitenje. A Dayisoni anakhala kumbuyo pa keriyala atanyamula mwendo wolumidwawo kuti usagwedezeke. Ine ndinaika zala ziwiri za kumanzere pa kilatchi, ndipo sindinazichotsepo ulendo wonse. Injini ikauma, chokupulumutsa ndi chimenecho basi: kufinya kilatchi tayala lisanakugwetse. Ukachedwa ngati kuphethira kwa diso, uli pansi.

Kuno tonse tili ndi chizolowezi chozimitsa injini potsetsereka kuti tisunge petulo, ndipo inenso ndinkatero masiku onse. Tsiku limenelo mutu unagawanika. Ndikazimitsa, kasipoko kapuma, koma anthu atatu pa mabuleki okha, pamtsetse wautali chotero, mabuleki apsa tisanafike pakati ndipo tikathera kuphompho. Ndikaisiya m'giya kuti injini izitigwira, ndiye kuti kulemera kwathu konse kuli pa pisitoni, ndipo pisitoni ili pa kawaya kamene ndinapinda ndekha pa bawuti. Ndinaisiya m'giya. Inkalira mokwiya potsika, ine makutu onse ali pansi pa thanki, ndikumvetsera ngati mayi womvetsera kupuma kwa khanda.

Poyamba agogo anu ankalankhula. Ankadandaula za dengu la nandolo limene latsala kumunda, kuti mbuzi za anthu zidya. Ankauza a Dayisoni kuti asawafinye mwendo ngati akukama ng'ombe. Ine ndinkawayankha mokweza, dala, kuti azipitiriza, chifukwa munthu wolankhula ndi wamoyo.

Tinawoloka kamtsinje, madzi ali ochepa, ndipo chitunda chija chinaima patsogolo pathu. Chitunda chimene ndinavutikira zonsezi. Ndinali nditalota kuchikwera anthu akuonerera, ine chifuwa patsogolo. Ndinatsitsa giya, n'kupotokola handulo kuwonjezera moto, ndipo ana inu, inakwera. Anthu atatu, pamiyala, osatsokomola ngakhale kamodzi. A Dayisoni, amene anandiseka chaka chathunthu, anangogwiritsitsa mwendo uja. Inenso kunyada sikunabwere, chifukwa kutentha kwa injini kunkandiwotcha miyendo kudutsa buluku, ndipo fungo la oilo wopserera linali litayamba.

Titangofika pamwamba ndinamva kaphokoso. Kanali kakang'ono, kobisala pansi pa kulira kwa injini: tche, tche, tche, ngati munthu akugogoda supuni pa mbale m'nyumba ya patali. Ndinayembekeza kuti ndamva ndekha. Koma agogo anu khutu lawo linali pamsana panga, ndipo phokoso la njinga limadutsa m'mafupa.

“Bambo a Joyisi,” anatero, mawu atachepa, “ndi kaja ndinasesa kaja?”

Ndinati ayi, ndi tcheni chakhwepa.

“Tcheni ndimachidziwa kulira kwake. Ngati ndi kaja, nditsitseni pansi pa mtengo apa. Musafe awiri chifukwa cha tsache langa.”

Ndinawauza kuti akhale chete, woyendetsa ndine, ndipo njinga yanga sindiuzidwa ndi munthu wosadziwa kusiyanitsa bawuti ndi nati. Ndinalankhula mwaukali kuti andibwezere mawu monga mwa masiku onse. Sanandibwezere. A Dayisoni anayamba kuwaitana, achemwali, achemwali, ndipo ankangoyankha ndi kubuula. Anasanza paphewa panga. Kenako mutu wawo unatsamira pakati pa mapewa anga, ndipo chitenje chimene chinatimanga chinayamba kundikoka m'chiuno.

Ndakuuzani za machila. Msana wanga unayamba kuyeza kulemera kumene kunali pa iwo, ndipo sindinkafuna kumva yankho lake. Ndikanatha kuima kuti ndione. Koma ndikaima injini yotentha chotero, mwina siidzalira, ndipo ngati chimene ndikuopacho chachitika, kuima kundithandiza chiyani? Ndinafunsa a Dayisoni ngati akupuma. Anati sakudziwa, njinga ikugwedezeka kwambiri. Ndinawauza kuti aike dzanja pakhosi pawo. Anati dzanja limodzi lagwira mwendo, lina lagwira keriyala, ndisankhe loti asiye.

Kaphokoso kaja kanakula. Tsopano sikanalinso supuni pa mbale, kanali ngati mwala m'chitini. Utsi wotuwa unayamba kutsalira kumbuyo kwathu, ndipo anthu a m'mbali mwa njira ankatiloza, ena akutikuwira kuti njinga ikupsa, ngati ife sitikudziwa. Nzeru zonse zimene ndili nazo zinkati zimitsa. Pang'ono pokha, uiziziritse. Koma mwendo umene a Dayisoni ananyamula unali utatupa kudutsa bondo. Ndinapotokola. Ndinkadziwa kuti ndikuipha, ndinkamva pini ikudya khoma limene ndinalipukuta ndi manja anga, ndipo pa bampu iliyonse ndinkati ndi pano, tigwera pano. Zala zanga pa kilatchi zinachita dzanzi, moti ndinayamba kuopa kuti nthawi ikafika sizimva.

Injini inauma pamtsetse womaliza, malata a ku Lisungwi akuoneka kale kunsi akunyezimira. Panalibe chenjezo lina. Kunangomveka “gwa”, njinga inagwidwa kumbuyo ngati munthu waikoka ndi chingwe, tayala linakhukhuluzika pamchenga ndipo kumbuyo konse kunayamba kupita chammbali, kumene kuli chigwembe. A Dayisoni anakuwa. Ine sindikumbuka kuganiza. Zala zinafinya zokha. Tayala linamasuka, njinga inagwedeza mutu uku ndi uku ngati ikufuna kutitaya, phazi langa linakhula pansi nsapato n'kutsala pomwepo, kenako inawongoka.

Ndipo kunagwa bata. Njinga ikutsika yokha, injini yakufa, kumangomveka tcheni ndi mchenga pansi pa matayala. Batalo ndi limene linandiopsa kuposa zonse za tsiku limenelo, chifukwa tsopano panalibe chobisa kupuma kwa munthu, ndipo ine sindinkakumva. Ndinasiya mabuleki momwe ndikanathera kuti liwiro litifikitse patali. Linatifikitsa mpaka pamalo osalala pafupi ndi nyumba zoyamba, n'kutha.

Sitinawatsitse. A Dayisoni anamasula chitenje n'kuwakumbatira ali pampando pomwepo, ine ndinatsika n'kugwira mahandulo, dzanja lamanzere lili chifinyire kilatchi, n'kuyamba kukankha chothamanga, phazi limodzi lopanda nsapato. Amayi ena ochokera kuchigayo anatula matumba awo pansi n'kutithandiza kukankha kumbuyo. Mmodzi anathamangira kutsogolo kukauza a pachipata. Tinalowa m'chipatala chotero, gulu la anthu likukankha njinga yakufa itanyamula munthu amene sindinkadziwa ngati ali moyo.

Namwino amene anatilandira anali wa kumpoto, Chichewa chake chopindika pang'ono. Anawagwira pakhosi, anawatsegula diso, ndipo anati alipo, fulumirani. Mawu awiri amenewo. Anandifunsa kuti njokayo inali yotani ndipo yawaluma nthawi yanji. Anayankha ndi a Dayisoni. Anawalowetsa agogo anu, a Dayisoni akutsatira, chitseko n'kutsekedwa.

Ndinakhala pansi pa mtengo panja, pafupi ndi njinga. Inkalira yokha “ti, ti” pozizira, oilo akudontha pafumbi. Mlonda wa pachipata anabwera kudzandiuza kuti ndingathe kuisiya tsopano, siithawa. Ndipamene ndinaona kuti ndakhala pansi dzanja lili m'mwamba, likadali pa kilatchi. Anachita kundimasula zala chimodzichimodzi. Nthawi iliyonse chitseko chija chikatseguka ndinkayang'ana kumbali, chifukwa ndinkadziwa momwe amayendera munthu wobwera ndi uthenga woipa, ndipo sindinkafuna kuona mayendedwe amenewo akulunjika kwa ine. Dzuwa litapendeka a Dayisoni anatuluka. Anakhala pansi pambali panga, anatulutsa mpweya, ndipo anati achemwali atsegula maso ndipo akufunsa ngati wina wapita kukatenga dengu.

Anakhala m'chipatala mpaka mvula yoyamba. Mwendo unapulumuka, ngakhale anachita kuchotsa mnofu wina umene unawola, n'chifukwa chake mumawaona akutsimphina ndipo chilonda chake sakuonetsani. Njinga inabwera kuno pangolo. Nditaitsegula ndinapeza zonse zitanyenyeka, pisitoni yosweka, khoma la buloko lili ndi ngalande yolowa chala, timaloko tonse tiwiri titasanduka zinyenyeswa pansi pa oilo. Kamene kanayamba kuchoka palibe angadziwe. Ine ndimati kanali ka kufakitale, kanga kanagwira mpaka pomaliza. A Dayisoni anatsutsa mpaka tsiku limene anatisiya. Agogo anu pa nkhani imeneyi sanaikepo mlomo, ndipo inenso za tsache sindinazitchulenso. Mphunzitsi uja anabwera nako kaloko kumapeto kwa mwezi, koma kanalibenso poti kalowe.

Injini ina sindinamange. Anyamata amabwera kudzandifunsa momwe angakulitsire mphamvu, ndipo ndimawauza zonse, sindibisa, koma ndimawauza ali chiimire, njinga zawo zili kunja kwa mpanda. Chimene ndinayamba m'malo mwake n'chimene mumandiseka nacho china chija. Agogo anu akamapita kumunda nthawi ya masamba ouma, ine ndimatsogola ndi ndodo, kumenya tchire uku ndi uku, ndikuimba nyimbo za kutchalitchi mokweza mpaka agalu kuuwa. Anthu amati mkuluyu akufuna mudzi wonse udziwe kuti wadzuka. Asiyeni anene. Agogo anuwo amadana nazo, amati ndimawachititsa manyazi, ndipo akapeza mpata amandizemba.

Monga lero. Ananena kuti akungofika pa mpopi, koma chidebe icho chili pakhomo, ndipo dengu la nandolo sindikuliona pamalo pake. Papita nthawi yaitali bwanji chichokereni? Iwe, taima pachulu uyang'ane njira ya kuseri kwa phiri ngati akubwera. Ayi, leka, iwe umangothamanga osayang'ana pansi. Ndipatse ndodo yangayo, ndipita ndekha.